Mgolo wa Kopa Pageti la Delmar

Odessa Pruitt anali atamuuza mlongo wake kasanu konse kuti chikwangwani chija chidzamuitanira mavuto. Delmar sanamve. Anachikhomerabe pageti, chikatoni cholembedwa ndi penti wotsala: SIYANI ZITSULO ZAKUTHA PANO, NDITOLA ULERE. Patangopita milungu itatu, Lachisanu m'mawa, Odessa anali pampando wa pulasitiki kupolisi ya m'tauni ya Brackton, Delmar ali kuseri kwa galasi atavala malaya a akaidi.

Kunena zoona, Delmar sanali munthu woipa, koma anali uja wofunsa kuya kwa dzenje ali kale m'kati. Anakhala m'ndende zaka zinayi chifukwa cha galimoto ya eni ake. Mu Ogasiti anamutulutsa nthawi isanakwane, pa lamulo limodzi: akangopezeka ndi mlandu wina, ngakhale wakuba supuni, abwerera kukamaliza zaka zitatu zotsala. Akuluakulu oona za anthu oterowo anali oti akhala pansi Lolemba m'mawa kuti agamule. Mafakitale a ku Brackton anatseka kalekale, ndipo panalibe sitolo yofuna munthu wonunkha ndende. N'chifukwa chake Odessa anam'bwereka pikapu ya malemu mwamuna wake kuti azitola zitsulo n'kumakagulitsa kuyadi yogula zitsulo zakutha.

"Fotokoza, usalumphe kanthu," anatero Odessa.

"Achemwali, apolisi ndawauza kale katatu."

"Ine ndi wapolisi? Nena kachinayi."

Delmar anapumira m'mwamba. Anati dzulo lake m'mawa anapeza mgolo wa pulasitiki pageti, wovindikira. Atatsegula anapeza mapaipi a kopa okhaokha, mkuwa wofiira uja, oduladula, aatali ngati mkono. Anawakweza m'pikapu n'kukawagulitsa kuyadi ya Baranski, ndipo pasikelo analemera mapaundi 90. Madzulo apolisi anam'peza akudya, n'kumuuza kuti mapaipiwo ndi amene anabedwa m'chipinda chapansi cha tchalitchi cha pamsewu wa Pardee.

"Ndiye iwe sunadzifunse kuti ndani angataye kopa wochuluka chomwecho?"

"Ndimati Mulungu wandikumbukira."

"Mulungu amasiya madalitso mumgolo?"

"Musandikalipire, achemwali. Ndili kale pamoto."

"Kutchalitchiko unapitako?"

Delmar anayang'ana pansi. "Lolemba masana. A dikoni Bynum anandipatsa chitofu chakale cha kukhitchini. Anandisiyira kiyi ola limodzi, iwo anathamangira kubanki."

Odessa anatseka maso. Kiyi, ola lathunthu, munthu wa mbiri ya ndende. Mtima unamuwawa chifukwa ankamukhulupirira mlongo wakeyo, komanso ankaona kuti palibe wina amene angamukhulupirire.

"Kafunseni a Tabb, mkulu wotola zitsulo uja," anatero Delmar. "Akundidziwa kuti sindiba. Ndiwo anandipatsa maginito tsiku loyamba. Anati chimene maginito agwira ndi chitsulo wamba, chimene akana ndiye chakudya. Anatinso wotola zitsulo sataya kanthu, ngakhale msomali wopindika."

Mlonda anagogoda pachitseko. Nthawi inali itatha.

* * *

Sajeni Hruska anali atatsala ndi miyezi isanu kuti apume pantchito, ndipo milandu ankaikonda ngati mazira owiritsa: yosavuta kusenda. Odessa anam'peza akudya buledi wa soseji pamwamba pa faelo ya Delmar.

"Mayi, ndili ndi munthu wa mbiri. Ndili ndi kiyi. Ndili ndi chithunzi chake ataima pasikelo, akumwetulira, kopa ali pambali. Mukufunanso chiyani, kanema?"

"Ndikufuna ndione mapaipiwo."

"Ali kuyadi, tawaika chizindikiro. Zithunzi ndi izi."

Anamukankhira mapepala atatu. Odessa anavala magalasi. Asanayambe kuyendetsa basi ya ana asukulu anagwira zaka makumi awiri kufakitale ya mapaipi, ntchito yake yoyang'ana zolakwika, ndipo diso limenelo silinakalambe. Paipi iliyonse inali yodulidwa mosalala, kukamwa kwake kutapindikira m'kati pang'ono.

"Awa anadulidwa ndi chodulira cha kagudumu," anatero. "Delmar ali ndi sowo yobuntha basi. Akadula paipi imaoneka ngati waitafuna galu."

"Chodulira n'chotchipa, mayi. Wagula, wataya."

"Kwake mwachipeza?"

"Ndati wataya."

"Nanga mgolowo? Zidindo za zala mwaziyang'ana?"

Hruska anapukuta kukamwa. "Mgolo wa pulasitiki wakhala pamvula. Mayi Pruitt, ndikumvetsa, ndi mlongo wanu. Koma mlanduwu unatha dzulo madzulo."

Odessa anaimirira mtima ukuwira. Anali ndi mawu ambiri oti amuuze, koma anaona kuti kungakhale kuthira madzi pamsana pa bakha. Anajambula zithunzizo pafoni yake n'kutuluka.

* * *

A dikoni Horace Bynum anamulandira pakhomo la tchalitchi atavala chijasi, chifukwa m'kati munali mozizira kuposa panja. Anali munthu wamtali, wosatha kuyankha funso popanda kuyamba walalikira.

"Mlongo Pruitt, Buku limati ndinali m'ndende ndipo munandiyendera. Ine ndinachita koposa pamenepo. Ndinam'patsa chitofu, ndinam'patsa kiyi, ndinam'patsa ndi khofi. Lachiwiri m'mawa ndikubwera kudzayatsa moto wotenthetsa madzi ofunditsa tchalitchi, ndikupeza madzi m'mawondo. Lamulungu lino nkhalamba zanga zidzaimba zikunjenjemera."

"Tandionetsani pansipo, a dikoni."

Anatsika masitepe. Pansi panali padakali matope, ndipo kudenga kunangotsala tizitsulo togwirira mapaipi. Wakubayo sanasiye ngakhale kachidutswa. Kuseri kwa thanki kunali kazenera kakang'ono, loko wake ali lendelende.

"Zenera ili linathyoka liti?"

"Ilo? Linathyoka mkazi wanga akadali moyo. Kale tinkatulutsirapo zitsulo zakale, kuopa masitepe."

"Apolisi munawaonetsa?"

"Anati popeza mnyamatayo anali ndi kiyi, zenera n'lachiyani."

Odessa analuma mlomo. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa zithunzi. "Mapaipi anu ndi awa?"

A Bynum anayang'anitsitsa, akusendeza foni kutali ndi pafupi. "Kukula kwake ndi komweku, ndipo pena pali manambala amene anasindikiza wotiikira mapaipi. Koma penti wanga ali kuti?"

"Penti wanji?"

"Mlongo, chaka chija kunazizira mpaka paipi kuphulika, tinasowa potsekera madzi, tchalitchi chonse dziwe. Ndinalumbira. Ndinagula penti, wofiira wa madzi otentha, wabuluu wa madzi ozizira. Mfundo iliyonse yolumikizira ndinaipaka, ndi mipopi yonse yotsekera, yabulasi ija, mkuwa wachikasu, isanu ndi inayi. Ndinkachita kumasula chogwirira n'kupaka ndi kunsi komwe, chifukwa ntchito ya Ambuye siichitika mwa theka."

Odessa anayang'ananso zithunzi. Mapaipi okhaokha, owongoka, opanda mfundo ngakhale imodzi, opanda mpopi, opanda dontho la penti.

"Zitsulo zakale za pano ankatola ndani Delmar asanabwere?"

"M'bale Tabb, zaka zonsezi. Ulendo uno ndinati ndithandize wofooka. Ndi mmene wandithokozera."

M'mutu mwa Odessa munali funso limodzi lokha: mfundo ndi mipopi zinapita kuti?

* * *

Kuyadi ya Baranski kunali phokoso lake la masiku onse, chimakina chikunyamula magalimoto ophwanyika n'kumawaponya pamulu. Mapikapu anali pamzere, iliyonse ikukwera pasikelo yaikulu polowa, n'kukweranso potuluka itatsitsa katundu. Pazenera la sikelo pankakhala Nilda Ocasio, mayi wamfupi wa pakamwa pachangu, amene ankadziwa aliyense wotola zitsulo mu Brackton ndi matenda ake omwe.

"Achemwali ake a Delmar? Ayi pepani, mama. Ine ndi amene ndinaimbira apolisi, lamulo limatikakamiza. Koma usiku sindinagone."

"Chifukwa?"

"Chifukwa mlongo wanuyo ntchito sakuidziwa. Pepani, koma zoona. Milungu itatu akundibweretsera chisakanizo. Kopa, aluminiyamu, mawaya a zikopa zake, zonse chidebe chimodzi ngati zinyalala za pa Khirisimasi. Ndimamuuza, Delmar, ukasakaniza ndikulipira mtengo wa chotchipa chenicheni. Mawa lake yemweyo, chidebe chomwecho."

"Nanga dzulo?"

"Dzulo wabwera ndi nambala wani yekhayekha. Ndinachita kuomba m'manja."

"Nambala wani n'chiyani?"

Nilda anatola zidutswa ziwiri pashelefu. "Uyu woyera, wopanda penti, wopanda mtovu wowotcherera, ndiye nambala wani, mtengo wapamwamba. Uyu wa mfundo ndi penti, nambala thu. Munthu wodziwa amakhala pansi n'kudula mfundo zonse, paipi yoyera payokha, mfundo pazokha, bulasi payekha. Yemwe anakonza kopa uja wakhala akuchita zimenezi ine ndisanabadwe."

"Sajeni anganene kuti mfundo ndi mipopi Delmar anataya."

Nilda anaseka mpaka kutsokomola. "Kutaya bulasi? Anthu awa amaimitsa galimoto pakati pamsewu kuti atole nati imodzi."

"Chidziwitso cha kubaku chinafika liti kuno?"

"Lachiwiri madzulo. Lachitatu m'mawa ndinachimata apa." Analoza pepala pagalasi, pamalo poti aliyense wobwera kudzaonetsa chiphaso aliwerenge.

"Ndiye tinene kuti munthu waba Lolemba madzulo, wakonza Lachiwiri, wabwera Lachitatu kudzagulitsa, n'kuona pepalali. Angatani?"

Nilda anasiya kutafuna chingamu. Anayang'ana kuofesi ya bwana wake, kenako anatsitsa mawu.

"Mama, ine ntchito ndimaifuna. Za makasitomala sindinena."

"Mlongo wanga akupita zaka zitatu."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ndikugwadire pamatope pano?"

Pikapu ina inaimba hutala, Nilda n'kuicheukira. Anailembera, anaikwezera dzanja kuti idutse, n'kubwerera pazenera.

"Ine sindinanene dzina. Ndingokuuzani za sikelo. Galimoto ikatsitsa zonse, kulemera kwake potuluka kumakhala komwekomweko, ndipo ndimazidziwa pamtima. Ilipo ina imene zaka zisanu ndi ziwiri imatuluka ndi mapaundi 4,620. Lachitatu mwini wake anaima apa, anawerenga pepalali milomo ikugwedera, anakatsitsa zitsulo wamba zokha. Potuluka, 4,730. Kumbuyo kunali kofunditsidwa ndi lona."

"Mwina anakwera ndi munthu."

"Anali yekha. Ndipo ndi nkhalamba yowonda ngati waya, sangaonjezere mapaundi handiredi ndi chakudya chamasana."

"Pikapu yamtundu wanji?"

"Yobiriwira, chitseko chimodzi choyera. Ndapita ine, mzere watalika."

Odessa anabwerera kugalimoto yake. Pikapu imeneyo ankaidziwa. Inaimapo kangapo pageti la Delmar, mwini wake akumuphunzitsa kugwira maginito.

* * *

A Lucius Tabb ankakhala kumapeto kwa msewu wa Pardee, m'nyumba yaing'ono imene kuseri kwake kunali kwadongosolo kuposa khitchini ya Odessa. Zidebe zinali pamzere, chilichonse ndi mtundu wake wa chitsulo. Iwo anali pachitsa, akusenda waya ndi kampeni.

"Odessa, mwana wanga. Ndamva, ndamva. Tsoka silinunkha. Khala apa, ndikupukutire."

Odessa anali atapangana ndi mtima wake m'galimoto kuti sakwiya. Anakhala, manja pamiyendo, ngati mayi wongofuna chitonthozo.

"Ndabwera kudzakupemphani kuti Lolemba mukamunenere zabwino."

"Aa, ndikanakonda. Koma miyendoyi. Lolemba lapitali ndinaswera kuchipatala, mzere wake, mpaka dzuwa kupendeka. Ndipo ndinganene chiyani? Mnyamata ndinamuphunzitsa ndi manja angawa. Ndinamuuza, Delmar, ntchito ino ili ndi mwambo. Msewu uliwonse uli ndi mwini. Pardee ndi wanga zaka makumi atatu, tsiku lotaya zinyalala palibe amaponda muno ine ndisanadutse. Mlungu wachiwiri ndikutuluka, ndikupeza msewu wonse wasesedwa. Mafiriji awiri, makina ochapira. Ndikumufunsa, akuti a Tabb, ndimati zapamsewu n'za aliyense."

"Sankadziwa."

"Ndinamuuza, mwana wanga. Kenako ndikumva ndi chitofu cha kutchalitchi chomwe. Koma ine sindisunga mangawa."

Ankayankhula mokoma, mawu ofewa ngati a munthu wodyetsa nkhunda. Odessa ankagwedeza mutu, maso ali pantchito. Pa lamba wawo panalendewera chodulira mapaipi cha kagudumu, chogwirira chake chitaperepeseka ndi zaka. Kuchokera m'kashedi kunkabwera fungo loswa mphuno la mankhwala ochotsera penti. M'mbali mwa zikhadabo zawo munali timizere tofiira.

"Mukupenta, a Tabb?"

"Kampando ka pakhonde. Ukalamba, umafuna pokhala pooneka bwino."

Pakhonde panali mpando umodzi, wotuwa, umene sunaone penti chiyambire. Chitseko cha shedi chinali ndi loko watsopano. Odessa ankalakalaka kuchithyola ndi mwala, koma ankadziwa kuti akangoonetsa kuti wanunkhiza, pofika madzulo shediyo idzakhala yoyera. Anapukuta m'maso ndi mpango.

"Basi, zatha. Sajeni akuti mlandu watsekedwa. Akuti mfundo ndi mipopi Delmar anaziponya mumtsinje, sazifunanso n'komwe."

A Tabb anasiya kusenda waya. Anapukusa mutu mwachisoni chenicheni.

"Bulasi mumtsinje. Ana a masiku ano."

Atalowa m'galimoto, Odessa anaimbira Hruska. Anamufotokozera za sikelo, za zenera, za penti m'zikhadabo. Sajeni anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti palibe woweruza amene angalole kusecha shedi ya nkhalamba chifukwa cha zikhadabo, ndipo iye mawa akupita kukawedza. Odessa anamenya chiwongolero ndi chikhatho mpaka dzanja kuchita dzanzi. Wakuba ankamudziwa, pobisa ankapadziwa, koma manja ake anali lende. Analira pang'ono, kulira kwa mkwiyo, kenako anaimbira Nilda.

"Pikapu yobiriwira ija, bulasi imabweretsa liti?"

"Loweruka, leveni koloko, tisanatseke. Chiyambire sinaphonyepo."

"Kwawo kukununkha mankhwala ochotsera penti. Mawa ibwera?"

"Mama, akanakhala munthu wina ndikanati ayi. Koma galu wamkota sakandira pachabe. Ngati wachotsa penti, ndiye kuti akufuna kugulitsa."

* * *

Loweruka kunacha ndi kamvula. Odessa anaimika galimoto kuseri kwa mulu wa mafiriji, a dikoni Bynum ali pambali pake akudandaula kuti awachotsa pokonzekera kwaya. Leveni inakwana. Mphindi khumi zinadutsa, kenako makumi awiri. Anyamata a payadi anayamba kukoka geti mbali imodzi. Odessa anaona Lolemba likubwera, Delmar akukwera basi ya kundende.

"Mlongo, mwina tamuchimwira munthu wosalakwa," anatero a Bynum.

"Mwamuchimwira kale mmodzi, a dikoni. Khalani chete."

Pomwepo pikapu yobiriwira inakhota pageti.

A Tabb anatsitsa zidebe ziwiri n'kupita nazo patebulo la zitsulo zodula. Mwambo wa payadi ndi woti bulasi salandiridwa m'chidebe: amakhuthulidwa patebulo, n'kupititsapo maginito kuti aone ngati mwabisala chitsulo wamba. Nilda anatuluka yekha kudzakhuthula. Panagwa mipopi yakale ya m'mabafa, makiyi, zogwirira zitseko, ndipo pakati pake mipopi yotsekera madzi yowala ngati yatsopano. Chidebe chachiwiri chinali cha mfundo za kopa, zopalidwa bwino.

"Mwazisambitsatu lero, a Tabb," anatero Nilda.

"Katundu waukhondo, mtengo waukhondo, mwana wanga."

Atatembenuka anaona Odessa ndi a dikoni ataima kumbuyo kwawo. Nkhope yawo sinasinthe, koma dzanja linafuna m'mphepete mwa tebulo.

A Bynum anayamba kupatula mipopi yowalayo ndi chala, akuwerenga. Inakwana isanu ndi inayi.

"Mipopi imafanana, m'bale Bynum," anatero a Tabb. "Ya m'nyumba zonse za mu Brackton ndi yomweyi. Penti wanu ali pati?"

Penti panalibedi. Odessa anatola umodzi, anautembenuza uku ndi uku. Nkhalambayo inali itagwira ntchito yake mosamala, mpaka m'mizere ya mazinga. Anapempha sipanala kwa Nilda, anamasula kanati ka pamwamba, n'kuzula chogwirira. Kunsi kwake kunali kofiira ngati magazi. Anamasula wachiwiri: wabuluu. Wachitatu, wofiira.

"Ntchito ya Ambuye siichitika mwa theka," anatero a Bynum. "M'bale Tabb, mwaimba nafe zaka zingati?"

Nilda anali kale pafoni. A Tabb sanathawe. Anakhala pachidebe chopanda kanthu, n'kuvula chipewa.

"Chitofu chija chinali changa," anatero. "Zaka zonse ndakutulutsirani zinyalala pazenera lija, msana kuthyoka, kenako chabwino mukupatsa mlendo. Ndinati nditenge changa mwa njira ina."

"Nanga Delmar anakulakwirani chiyani choti afere zaka zitatu?" anafunsa Odessa.

"Kopa anali atatentha, apolisi akumufuna, sindikanamugulitsa pena paliponse. Ndinati apite kwa amene amakonda za ulere, msewu wanga ubwerere." Anayang'ana pansi. "Za zaka zitatuzo sindinaziganize bwino."

"Munaziganiza. Munali pageti pake tsiku limene iye mwini ankakufotokozerani za zakazo."

A Tabb sanakane.

Hruska anafika patapita theka la ola, atavala nsapato zowedzera, nkhope ili gwa. Anayang'ana zogwirira zitatu zija, anamva za Nilda ndi za a dikoni, n'kulemba m'kabuku osayang'ana Odessa ngakhale kamodzi. Pomaliza anafunsa funso limene linkamuvuta iye mwini.

"Bambo, kopa wa mapaundi 90 munatha kumusiya. Tinthu iti mukanangotiponya mumtsinje, bwenzi pano muli kwanu. Chinakuvutani n'chiyani?"

A Tabb anamuyang'ana ngati wafunsa zamisala.

"Kopa uja ndinamusiya, ndipo masiku atatu chakudya sichinalowe. Ndiye nditayenso bulasi?"

Hruska anawagwira pamkono kuti azipita. Atayenda mapazi awiri, nkhalambayo inaima n'kucheuka.

"Nilda, mwana wanga, tangoyeza kaye. Ndingodziwa."

Nilda anayang'ana sajeni, sajeni anakweza mapewa. Anasonkhanitsa mipopi isanu ndi inayi ija n'kuiika pasikelo yaing'ono.

"Mapaundi khumi ndi limodzi."

A Tabb anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene ankayembekezera, n'kulowa m'galimoto ya polisi.

* * *

Delmar sanatuluke tsiku lomwelo. Hruska anati mapepala sayenda Loweruka, koma analonjeza kuti Lolemba adzaima yekha pamaso pa akuluakulu aja n'kunena kuti mlandu wachoka. Odessa anamuuza kuti adzabwera kudzamutenga kunyumba kwake ngati angaiwale.

Masana anakhalanso pampando wa pulasitiki uja n'kumufotokozera mlongo wake zonse. Ankayembekezera kuti Delmar asangalala. Iye anangopukuta galasi ndi chala.

"Ndiwo okha mu Brackton monse amene anandigwira dzanja nditatuluka," anatero. "Maginito aja anali awoawo, a pa makiyi awo."

"Ndikudziwa."

"Za msewu anandiuzadi, achemwali. Ine ndimati akungocheza."

Odessa anali atakonza ulaliki wautali wa chikwangwani, wa migolo ya ulere, wa kusamva. Anauyang'ana mutu wa mlongo wakeyo, umene unali utayamba imvi m'ndende, n'kuumeza ulalikiwo.

"Lolemba ndikudzakutenga," anatero. "Tikagula zidebe zisanu ndi chodulira cha kagudumu. Nilda wati ukadzamubweretseranso chisakanizo, adzakuitanira apolisi yekha."

Delmar anaseka pang'ono, kenako anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Odessa anaika chikhatho pagalasi n'kudikira mpaka mlonda atagogoda.